Momwe mungaphunzitsire kusintha kwa chibula kuchoka ku Jerusalem kupita ku Makkah

Malangizo awa ndi a mwalimu wa ku madrasa, mphunzitsi wa za zipembedzo ku sekondale, kapena aliyense amene wapatsidwa gulu kuti alifotokozere momwe Asilamu oyamba adasiyanirana ndi miyambo ya Ayuda. Nkhaniyi ili ndi mbali zitatu zimene anthu amakonda kuziphatikiza: kusintha kwa kapembedzedwe m'zaka ziwiri zoyamba ku Madinah, nkhondo ndi Ayuda a ku Madinah ndi ku Khaybar kuyambira 624 mpaka 628, ndiponso kuzikika kwa Chisilamu pa Ka'aba, Nyumba yopatulika ya ku Makkah, ndi pa chinenero cha Chiarabu. Zitatuzi sizidayambire limodzi. Mphunzitsi akazisakaniza, ophunzira amatuluka ndi ganizo limodzi lokha, loti Asilamu adayambana ndi Ayuda ndiye adasintha zonse chifukwa cha mkwiyo. Ganizo limeneli silichedwa kugwa mukangoika chinthu chilichonse pa chaka chake.

Mufunika Qur'an yokhala ndi tanthauzo lake, Baibulo, mapu oonetsa Arabia ndi Palestine, choko, tepi yoyezera, chingwe cha mamita 7, kampasi ya pafoni ndi timakadi pafupifupi 20. Gawani ntchitoyi m'maphunziro atatu a mphindi 40. Mukaithina m'phunziro limodzi, chimene chimatsalira ndi chojambula chapansi, ndipo ndicho chofunika koposa zonse.

Yambani ndi mzere wa zaka

Pakhoma kapena pa bolodi jambulani mzere wa masentimita 220, chaka chilichonse chitenge masentimita 10. Kumanzere lembani 610, pamene chivumbulutso chidayamba ku Makkah, kumanja 632, pamene Mtumiki Muhammad (SAW) adamwalira. Hijra, msamuko wopita ku Yathrib komwe kudadzatchedwa Madinah, igwera pa sentimita 120, chaka cha 622. Perekani timakadi kwa ophunzira kuti azimata okha: kusintha kwa chibula (mbali imene Asilamu amayang'ana poswali) kumayambiriro kwa 624, lamulo la kusala mwezi wa Ramadan chaka chomwecho, nkhondo ya Badr mu Malichi 624, kuchotsedwa kwa fuko la Chiyuda la Banu Qaynuqa Badr itatha, nkhondo ya Uhud ndi kuchotsedwa kwa fuko la Chiyuda la Banu Nadir mu 625, nkhondo ya Khandaq ndi fuko la Chiyuda la Banu Qurayza mu 627, pangano la Hudaybiyya ndi nkhondo ya Khaybar mu 628, kulowa mu Makkah mu 630, ndi Hajj yotsanzika mu 632. Akamaliza afunseni khadi lomwe latsogola pa makadi a 624. Ndi la chibula, ndipo pa nthawiyo padali padalibe nkhondo iliyonse pakati pa Asilamu ndi Ayuda. Kutsutsana pakamwa kudalipo kale, ndipo Surah Al-Baqarah kuyambira ndime 40 ikulankhula ndi ana a Israeli kwa nthawi yaitali, koma lupanga lidabwera pambuyo.

Cholakwika chimene chimachitika pano ndi cha kalendala. Mabuku a Chisilamu amati chibula chidasintha m'chaka chachiwiri cha Hijra, ndiye wophunzira amangoonjezera 2 pa 622. Apa zimagwirizana mwamwayi chabe, chifukwa chaka chachiwiricho chidayamba mu Julayi 623 n'kutha mu Juni 624. Chaka cha Hijra chili ndi masiku 354, kuperewera ndi masiku pafupifupi 11 pa chaka cha dzuwa, choncho kuonkhetsa koteroko kumasokera mukamapita kutsogolo. Komanso kuwerenga zaka kumeneku kudakhazikitsidwa mu ulamuliro wa Khalifa Umar, ndipo kumayambira pa Muharram, mwezi woyamba, mu Julayi 622, osati pa tsiku limene Mtumiki adafika ku Madinah, lomwe lidali mu Rabi' al-Awwal, mwezi wa Seputembala. Hadith (nkhani ya zimene Mtumiki adanena ndi kuchita) ya al-Bara' ibn Azib imati Asilamu adaswali moyang'ana ku Jerusalem miyezi 16 kapena 17 atafika. Ophunzira awerenge ndi zala kuchokera pa Rabi' al-Awwal, womwe ndi mwezi wachitatu: miyezi 16 iwafikitsa pa Rajab, 17 pa Sha'ban. N'chifukwa chake mabuku ena amatchula Rajab, ena Sha'ban.

Tulukani panja, mujambule pansi

Apa ndi pamene mphunzitsi wa ku Malawi amagwa m'mbuna. Amaimika ana, n'kuwauza kuti ayang'ane ku Jerusalem, kenako atembenukire ku Makkah, ndipo anawo amangosuntha phewa pang'ono. Sikulakwa kwa ana. Kuchokera kuno mizinda iwiriyi ili yonse kumpoto. Mukaima ku Blantyre, Jerusalem ali pafupifupi kumpoto kwenikweni, Makkah ali madigiri 7 chakum'mawa. Ku Lilongwe ndi madigiri 2 ndi madigiri pafupifupi 10. Kusiyana kotere sikungaonetse munthu chifukwa chimene nkhaniyi idagwedezera Madinah yense.

Chitani izi m'malo mwake. Sankhani bwalo lotalikirana ndi denga la malata, galimoto ndi mapaipi achitsulo, chifukwa zitsulo zimanamiza kampasi ya pafoni. Khomani chikhomo pakati, chimenecho ndi Madinah. Tengani mita imodzi kuti iimire makilomita 200. Yezani mita 1.7 kummwera, mukhome chikhomo cha Makkah, womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 340 mukawongola. Kenako yang'anani kumpoto, mupendekere kumadzulo ndi madigiri 27, muyeze mamita 4.5, mukhome cha Jerusalem, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 900. Tsopano imikani imamu mmodzi ndi mizere iwiri ya ophunzira pa Madinah, onse akuyang'ana chikhomo cha Jerusalem. Wina afuule kuti chibula chasintha. Adzatembenuka madigiri oposa 150, kutsala pang'ono kuyang'ana kumene kudali msana wawo. Imamu adzapezeka ali kumbuyo kwa aliyense, ndipo ayenera kuzungulira kuti akaime kutsogolo kwatsopano. Mzere womaliza wasanduka woyamba. Nkhani zina za nthawiyo zimati amuna adapita pamene padali akazi, akazi pamene padali amuna, ndipo ophunzira akachita okha amamvetsa chifukwa chake popanda kuwafotokozera.

Musachotse zikhomo msanga. Kokani chingwe kuchokera pa Jerusalem kudutsa pa Makkah, ndipo wophunzira mmodzi aime kuseri kwa Makkah, chakummwera. Adzaona kuti zikhomo zonse ziwiri zili patsogolo pake. Pali nkhani yochokera kwa Ibn Abbas yoti Mtumiki adakali ku Makkah ankaswali choyang'ana ku Jerusalem Ka'aba ili patsogolo pake. Ku Madinah zimenezi sizikadatheka, poti mzindawu uli pakati pa awiriwo. Msamuko ndiwo udakakamiza kuti pasankhidwe mbali imodzi.

Mukabwerera m'kalasi werengani Al-Baqarah 2:142 mpaka 150. Ophunzira azindikire okha kuti dzina la Jerusalem silikutchulidwa m'ndimezi. Zikungonena za chibula chimene adali nacho kale, ndipo ndi Hadith ndi mabuku a mbiri ya Mtumiki amene amatchula Bayt al-Maqdis, dzina la Chiarabu la Jerusalem. Ndime 143 ikuti chibula choyamba chidali mayeso, ikutsimikizanso kuti Allah sataya chikhulupiriro cha anthu, ndipo omasulira amati idayankha nkhawa ya amene abale awo adamwalira akuswali moyang'ana kwakale. Ndime 144 ndiyo ili ndi lamulo lotembenukira ku Msikiti Wopatulika wa ku Makkah. Onjezani 2:115 ndi 2:177, zimene zikuti kum'mawa ndi kumadzulo n'kwa Allah ndipo ubwino suli m'kuyang'ana mbali yakutiyakuti. Kuti aone chimene chinkasiyidwa, atsegule Danieli 6:10 ndi 1 Mafumu 8:44 mpaka 48, pamene Ayuda akupemphera choyang'ana ku Jerusalem. Wina akafunsa kuti idali swala iti, musaumirire yankho limodzi. Nkhani ya Masjid al-Qiblatayn, msikiti wa Banu Salima, imatchula Zuhr, swala ya masana, ya al-Bara' imatchula Asr, swala ya chakumadzulo, ndipo anthu a ku Quba, pafupi ndi Madinah, uthenga udawapeza m'swala ya Fajr, ya m'bandakucha. Kudalibe wailesi, uthenga unkayenda ndi miyendo.

Kusala, azana, Lachisanu ndi chakudya

Nkhani ya Ashura, tsiku la 10 la Muharram, iphunzitseni ndi Hadith ziwiri pamodzi, osati imodzi. Ya Ibn Abbas ikuti Mtumiki adapeza Ayuda a ku Madinah akusala tsikuli pokumbukira kuti Allah adapulumutsa Musa ndi anthu ake, ndipo iye adati Asilamu ndiwo oyenera Musa koposa, nasala, nalamula ena kusala. Ya Aisha ikuti Akuraishi, fuko la Mtumiki ku Makkah, ankasala Ashura Chisilamu chisanabwere. Mukawerenga yoyamba yokha, ana amati Asilamu adangotengera kwa Ayuda. Mukawerenga yachiwiri yokha, amati Ayuda sizikuwakhudza. Kenako tsegulani Levitiko 16:29, pamene kusala kwa Ayuda kwaikidwa pa tsiku la 10 la mwezi wachisanu ndi chiwiri, lomwe iwo amalitcha Yom Kippur. Wophunzira wakuthwa adzaona mfundo ziwiri: Yom Kippur ndi tsiku la chitetezero cha machimo, pamene kupulumuka kwa Farao Ayuda amakukumbukira pa Paskha, komanso Mtumiki adafika mu Rabi' al-Awwal, osati mu Muharram. Musamukalipire. Yom Kippur imagwa mu Seputembala kapena Okutobala, nyengo yomweyo imene Mtumiki adafika, ndipo akatswiri a Chisilamu akale, monga al-Biruni, adalimbana nalo funso lomweli. Chimene chili chosakayikitsa ndi mayendedwe ake: Ramadan italamulidwa mu 2:183 mpaka 187, Ashura idasanduka yongofuna mwini, ndipo chakumapeto kwa moyo wake Mtumiki adati akafika chaka chamawa adzasalanso tsiku la 9. Ophunzira aone kuti 2:183 ikuyamba ndi kunena kuti kusala kudalamulidwanso kwa amene adalipo kale, pamene 2:185 ikumangirira Ramadan pa kutsika kwa Qur'an.

Zotsalazo mutha kudutsa msanga. Pofuna njira yoitanira anthu ku swala, ena adatchula lipenga longa la Ayuda, ena chipangizo chogogoda chimene Akhristu ankaitanira nacho. Zonse zidakanidwa, ndipo Bilal adaitana ndi mawu a munthu m'Chiarabu, kuitana kumene kumatchedwa azana. Lachisanu musalitche Sabata la Asilamu, kulakwa kofala kwambiri m'mayeso. Surah 62:9 ndi 10 ikuti siyani malonda pa nthawi ya kuitana, koma swala ikatha balalikani mukafune zabwino za Allah. Palibe kupuma tsiku lonse, ndipo 50:38 ikuti Allah sadatope polenga. Pa chakudya, 2:173 ikuletsa zinthu zinayi: chakufa chokha, magazi, nkhumba ndi chophedwa m'dzina la wina osati Allah. Ndime za 6:146 ndi 4:160 zikuti zoletsa zina zidali za Ayuda okha. Chitsanzo chogwira mtima ndi ngamira: Levitiko 11:4 ikuiletsa, pamene kwa Aarabu ndiyo idali nyama, mkaka ndi chuma, ndipo 22:36 ikuiika pakati pa nyama za nsembe. Koma werenganinso 5:5, imene ikuloleza chakudya cha anthu a Buku. Pali ngakhale nkhani ya tsitsi: Ibn Abbas adati Mtumiki ankakonda kufanana ndi anthu a Buku pa zinthu zimene sadalamulidwe, choncho poyamba ankalisiya tsitsi lake kugwa monga iwo, pambuyo pake n'kuyamba kulipatula pakati. Ana amaikumbukira nkhani imeneyi kuposa zaka zonse za pakhoma.

Ibrahim ndiye phata

Popanda gawo ili phunziro lonse limangokhala mndandanda wa zosiyidwa. Qur'an sikunena kuti yachoka m'nyumba ya aneneri a Israeli. Ikunena kuti yabwerera kwa kholo limene lidalipo Ayuda ndi Akhristu asadakhaleko. Werengani 3:65 mpaka 68: Tora ndi Injili zidatsika Ibrahim atapita kale, choncho iye sadali Myuda kapena Mkhristu. Kenako 2:125 mpaka 129, pamene Ibrahim ndi Ismail akukweza maziko a Nyumba, Ka'aba, n'kupempha kuti pakati pa mbumba yawo padzatuluke mtumiki. Onetsani ophunzira kuti ndime zimenezi zili patsogolo pang'ono pa ndime za chibula m'sura yomweyo, ndiye kuti zikukonza njira. Onjezani 3:96 ndi 97, yonena za Nyumba yoyamba ya ku Bakka, ndi 22:27, pamene Ibrahim akuuzidwa kuitanira anthu ku Hajj. Uli ngati mlandu wa pachibale wolimbirana cholowa cha agogo: palibe akukana agogowo, aliyense akuti njira yake ndiyo yowongoka.

Kuti Aarabu ndi ana a Ismail sichinali chinthu chatsopano mu 624. Genesis 25:12 mpaka 18 ikutchula ana 12 a Ismaeli ndi kumene adakhala. Josephus, wolemba mbiri wa Chiyuda wa m'zaka 100 zoyambirira, adalemba kuti Aarabu amadula ana pa zaka 13 potsatira Ismaeli, ndipo Genesis 17:25 ikupereka msinkhu womwewo. Sozomen, Mkhristu wa m'zaka za m'ma 400, adalembanso kuti amachokera kwa Ismaeli, amachita mdulidwe ndipo sadya nkhumba.

Tsopano msampha waukulu. Mu 1880 katswiri wa ku Netherlands, Snouck Hurgronje, adanena kuti kulumikiza Ibrahim ndi Ka'aba kudayamba ku Madinah Ayuda atakana Mtumiki, ndipo mabuku ambiri a Azungu adatengera zomwezo. Musabise ganizoli, koma liyeseni ndi makadi. Lembani ndime izi pa timakadi tatsopano, ophunzira ayang'ane pamutu pa sura iliyonse ngati ndi ya ku Makkah kapena ya ku Madinah, amate pa mzere: 14:37, pamene Ibrahim akusiya mbumba yake m'chigwa chopanda mbewu pafupi ndi Nyumba yopatulika, 6:161 ndi 16:123, zonena za chipembedzo cha Ibrahim, Surah 106, youza Akuraishi kupembedza Mwini Nyumba iyi, ndiponso 12:2, 26:195 ndi 42:7, zonena kuti Qur'an ndi ya Chiarabu. Makadi onsewa agwera kumanzere kwa 622. Otsatira Snouck amayankha kuti ndime zina za ku Madinah zidalowetsedwa m'masura a ku Makkah, ndipo n'zoona kuti ngakhale akatswiri a Chisilamu amavomereza kuti zoterezi zilipo m'masura ena. Koma kuti makadi onsewa asamutsidwe pamafunika kukoka kwambiri. Choyenera kunena n'chakuti Chiarabu, Ka'aba ndi Ibrahim zidalipo kale ku Makkah, ndipo ku Madinah zidasanduka malamulo ooneka ndi maso.

Kwa ophunzira akuluakulu onjezani Surah 37:99 mpaka 113. Afunefune dzina la mwana amene adati aperekedwe nsembe. Salipeza m'ndime za nsembezo. Genesis 22 ikuti ndi Isake, ndipo al-Tabari, womasulira wamkulu amene adamwalira mu 923, adagwirizana ndi oti ndi Ishaq. Ibn Kathir, amene adamwalira mu 1373, adalimbikira kuti ndi Ismail, ndipo ndilo ganizo limene Asilamu ambiri ali nalo lero. Izi zikuonetsa kuti nkhaniyi sidathere mu 624.

Mafuko a Chiyuda: nenani zoona, tchulani mayina

Musanene kuti "Ayuda" ngati adali gulu limodzi. Banu Qaynuqa adali amisiri a golide ndi amalonda ogwirizana ndi Khazraj, fuko la Aarabu a ku Madinah. Banu Nadir ndi Banu Qurayza adali ndi minda ya kanjedza ndi malinga, ndipo Qurayza adali ogwirizana ndi Aws, fuko lina la Aarabu a kumeneko. Pangano la ku Madinah, limene Ibn Ishaq, wolemba mbiri ya Mtumiki, adasunga, likuti Ayuda a Banu Awf ndi ena ali gulu limodzi ndi okhulupirira, Ayuda ndi chipembedzo chawo, Asilamu ndi chawo. Fuko lililonse lidagwa pa mlandu wake ndi chaka chake, enawo akadali m'nyumba zawo. Surah 59 ikukamba za Nadir, 33:26 ndi 27 za Qurayza. Za Qurayza musazizembe, poti ana adzaziwerenga pa intaneti: adaimbidwa mlandu wokambirana ndi adani mzinda utazingidwa, Sa'd ibn Mu'adh wa fuko la Aws adagamula kuti amuna aphedwe, akazi ndi ana agwidwe ukapolo, ndipo chiwerengero cha ophedwa m'nkhani zakale chimayambira pa 400 kufika pa 900. Akumbutseni kuti Ibn Ishaq adamwalira cha m'ma 767, zaka 140 zitadutsa, ndipo buku lake tili nalo kudzera mwa Ibn Hisham, amene adamwalira mu 833.

Pafupi ndi zimenezo ikani izi: Abdullah ibn Salam wa Banu Qaynuqa adalowa Chisilamu. Ayuda a ku Khaybar adasiyidwa m'minda yawo kuti azipereka theka la zokolola, mpaka mu ulamuliro wa Umar. Bukhari, wosonkhanitsa Hadith, akunena kuti Mtumiki adamwalira chovala chake cha nkhondo chili pa chikole kwa Myuda chifukwa cha ngongole ya balere. Musa akutchulidwa m'Qur'an nthawi zoposa 130, kuposa mneneri wina aliyense. Jerusalem nayenso sadatayidwe: 17:1 ikutchula Masjid al-Aqsa, Hadith ikuiika pa misikiti itatu yoyenera kuipitira ulendo, ndipo Khalifa Abd al-Malik adamanga nyumba yopatulika ya Qubbat al-Sakhra kumeneko cha m'ma 691 ndi 692. Khalifa yemweyu ndiye adalamula kuti kaundula wa boma alembedwe m'Chiarabu, ndipo cha m'ma 697 adatulutsa ndalama za malemba a Chiarabu okhaokha, zopanda chithunzi. Ngati khoma lili ndi malo, talikitsani mzere kuti khadi limeneli likwane. Khadi lina loyenera kuonjezera ndi la 9:36 ndi 37, loletsa kusuntha miyezi. Ayuda amaonjezera mwezi maulendo 7 pa zaka 19 zilizonse kuti zikondwerero zawo zisachoke pa nyengo yake. Asilamu saonjezera, n'chifukwa chake Ramadan imayendayenda, chaka china m'dzinja, zaka zina m'chilimwe.

Poyesa ngati amva, musawafunse chaka chokha, chimenecho aloweza. Apatseni mapu ndi mayina anayi, Tabuk, Khaybar, Sana'a ndi Mangochi, ndipo anene kumene mizere ya swala ikadayenera kuzungulira tsiku lija ndi kumene anthu akadangopendekeka pang'ono. Tabuk ndi Khaybar zili pakati pa Jerusalem ndi Makkah, choncho kumeneko n'kuzungulira. Sana'a ndi Mangochi zili kummwera kwa mizinda yonse iwiri. Amene wayankha kuti kulikonse adatembenuka mofanana, mutengeni mubwerere naye pa zikhomo.